Kansomba Kotsuka Anzake ndi Mudzi Wake wa Korali

Abwenzi, phunziro lathu la sabata ino ndi la kansomba kakang'ono ka m'nyanja ya mchere, kamene ntchito yake ndi kutsuka nsomba zinzake. Akatswiri amakatcha Labroides dimidiatus, ndipo pa Chingerezi ndi cleaner wrasse. Ife tizingokatcha kansomba kotsuka. Tiona kumene kamakhala, mmene kamagwirira ntchito, ndi zimene zimachitika pamalo kakasowapo. Monga mwa nthawi zonse, tiwerenge mosinthana, ndime imodzi munthu mmodzi. Tikafika pa mafunso tiime, aliyense apeze mpata woyankha tisanapitirire.

GAWO 1: MUDZI WA KORALI

Tisanakadziwe kansombaka, tiyambe tadziwa kwawo. M'nyanja za mchere za kumadera otentha muli matanthwe otchedwa korali. Munthu akawaona amayesa miyala kapena zitsamba, koma zoona zake n'zakuti anamangidwa ndi tizamoyo tofewa, tambiri mwa ito tochepa ngati njere ya mpunga. Kalikonse kamadzimangira kachigoba kolimba ka laimu. Tikafa, ana ake amamanga pamwamba pa zigoba za makolo awo, ndipo pakapita zaka mazanamazana pamakhala thanthwe. Ntchitoyi ndi yapang'onopang'ono. Korali wooneka ngati chulu amakula pafupifupi sentimita imodzi pachaka, pamene wanthambi amatha kukula masentimita 10.

M'thupi mwa tizamoyoti mumakhala ndere zing'onozing'ono zosaoneka ndi maso. Nderezi zimapanga chakudya pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa, n'kumagawana ndi korali, pamene korali amazipatsa pokhala. Nderezi ndi zimenenso zimapatsa korali mitundu yake yokongola. N'chifukwa chake matanthwewa amapezeka m'madzi osazama, oyera bwino, ofunda pakati pa madigiri 23 ndi 29.

Matanthwe a korali sakwana ngakhale gawo limodzi mwa magawo 100 a pansi pa nyanja zonse, komabe pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mitundu ya zamoyo za m'nyanja za mchere limadalira malo amenewa. Aakulu koposa onse ndi a Great Barrier Reef ku Australia, otalika makilomita pafupifupi 2,300. Apafupi ndi ife ali m'mphepete mwa nyanja ku Mozambique, monga kuzilumba za Quirimbas ndi Bazaruto, komanso ku Tanzania ndi ku Kenya. M'nyanja ya Malawi mulibe korali chifukwa madzi ake si amchere.

Malizitsani ziganizo izi:
a. Matanthwe a korali amamangidwa ndi ____________.
b. Ndere zimapatsa korali ____________, ndipo korali amapatsa ndere ____________.
c. Korali sangakule m'madzi akuya kwambiri chifukwa ____________.

GAWO 2: KANSOMBA NDI NTCHITO YAKE

Kansomba kotsuka n'kowonda, ndipo nthawi zambiri kamatalika masentimita 10 kapena kucheperapo, ngati chala cha munthu wamkulu. Kali ndi mzere wakuda wochokera kukamwa, kudutsa padiso, n'kumakula mpaka kumchira. Chakumutu n'kotuwa, chakumchira n'kobiriwira ngati thambo. Kamapezeka kuyambira ku Nyanja Yofiira ndi kugombe la kum'mawa kwa Africa mpaka kuzilumba za m'nyanja ya Pacific.

Kansombaka sikayendayenda. Kamasankha malo amodzi pathanthwe, n'kukhazikika pomwepo miyezi kapena zaka, monga amachitira wometa tsitsi pamsika. Nsomba zonse za m'deralo zimapadziwa. Kukacha kamatuluka m'phanga momwe kanagona, n'kuyamba kusambira mogwedeza mchira m'mwamba ndi pansi ngati kakuvina. Chimenechi ndi chizindikiro chakuti ntchito yayambika.

Nsomba yofuna kutsukidwa imafika n'kuima chilili m'madzi. Ina imazondoka mutu pansi, ina imatambasula zipsepse, ina imayasamula kukamwa, ndipo zina zimasintha mtundu wa khungu. Kansomba kaja kamayendera thupi lonse, kutola tizilombo, khungu lakufa ndi zoipa za pabala. Kamalowa ngakhale m'kamwa mwa nsomba zolusa zimene zikanatha kukameza kamodzi n'kamodzi, n'kukatulukira m'ziwalo zopumira za m'mbali mwa mutu. Zikachuluka, nsomba zina zimadikira pambali. Ku Tofo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, nsomba zikuluzikulu zamapiko zotchedwa manta, zotambalala mamita atatu kapena anayi, zimabwera kumalo otsukira ngati amenewa n'kumazungulira pang'onopang'ono tinsomba tili kalikiliki.

Kodi zimavutikiranji kubwera? Mdani wawo wamkulu ndi tizilombo totchedwa gnathiid, ta mtundu umodzi ndi nkhanu koma tochepa ngati nsabwe. Ana a tizilomboti amabisala pansi, amalumphira pansomba, amayamwa magazi mpaka kukhuta, kenako n'kugwa, monga zimachitira nkhupakupa pa ng'ombe. Nsomba ilibe manja oti idzikande. Tizilomboti tikachuluka timaifooketsa, timafalitsa matenda a m'magazi, ndipo nsomba zazing'ono timazipha kumene.

Mayi Alexandra Grutter, katswiri wa ku University of Queensland, anakhala zaka zambiri akuwerenga zimene tinsombati timachita pachilumba cha Lizard Island, kumpoto kwa Great Barrier Reef. Anapeza kuti kansomba kamodzi kamayendera nsomba zoposa 2,000 patsiku ndipo kamadya tizilombo pafupifupi 1,200.

Mafunso:
1. Kodi nsomba yaikulu imapindula chiyani ikatsukidwa? Nanga kansomba kotsuka kamapindula chiyani?
2. Mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani nsomba yolusa siimeza kansomba kali m'kamwa mwake?
3. Ena mwa ife tinaonapo mbalame zotola nkhupakupa pamsana pa njati kapena ng'ombe. Zikufanana pati ndi zimene tawerengazi?

GAWO 3: KODI KANSOMBA KAMODZI N'KOFUNIKA BWANJI?

Kwa zaka zambiri akatswiri ankatsutsana. Ena ankati kutsukaku kulibe phindu lenileni, nsomba zimangokonda kukhudzidwa. Njira yokha yodziwira zoona inali kuchotsa tinsombati pamatanthwe ena, kutisiya pa ena, kenako n'kufananiza.

Mu 1999 Mayi Grutter anafalitsa zotsatira za kafukufuku wotere. Anaika nsomba m'zikwere pamatanthwe a mitundu iwiriyi. Patangotha maola 12, nsomba za pamatanthwe opanda tinsomba totsuka zinali ndi tizilombo tochuluka kuposa kanayi poyerekeza ndi zinzake. Apa mkangano woyamba unatha: kansombaka kamatsukadi.

Kuyambira m'chaka cha 2000, iwo ndi anzawo anapitiriza kuchotsa tinsombati pamatanthwe ena ang'onoang'ono ku Lizard Island, miyezi ingapo iliyonse, kwa zaka zambiri. Patatha zaka zisanu ndi zitatu ndi theka anawerenga nsomba zokhala pamenepo. Pamatanthwe opanda otsuka, nsomba zokhazikika zinali zitachepa ndi 37 pa 100 iliyonse, ndipo mitundu yake inali itachepa ndi 23 pa 100 iliyonse. Nsomba zina zotsalazo zinali zazing'ono msinkhu kusiyana ndi zinzake za pamatanthwe okhala ndi otsuka. Nsomba zoyendayenda nazo zinachepetsa kufikapo. Katswiri wina, Bambo Redouan Bshary, anaona zofanana ku Ras Mohammed m'dziko la Egypt: kansombaka kakachoka pathanthwe, mitundu ya nsomba inkachepa pakapita miyezi ingapo, ndipo kakabwera inkawonjezeka.

Tizindikire kuti pathanthwe laling'ono pamakhala tinsomba totsuka towerengeka chabe pakati pa nsomba mazanamazana. Kuziyeza pasikelo nsomba zonse za pamalopo, kulemera kwa otsukawo sikungaoneke n'komwe. Koma iwo akachoka, mudzi wonse umabwerera m'mbuyo.

Mafunso:
1. N'chifukwa chiyani akatswiriwa anasiya tinsombati pamatanthwe ena m'malo mochotsa ponseponse?
2. N'chifukwa chiyani anafunika kudikira zaka zambiri asanaone kusintha konse?
3. Tchulani ntchito za m'dera lathu zimene anthu saziona kufunika kwake mpaka wozigwira atachoka.

GAWO 4: CHIYESO CHA KANSOMBAKA

Mwina tayamba kukaona kansombaka ngati kopanda banga. Ayi ndithu. Khungu la nsomba limakutidwa ndi zoterera zimene zimaiteteza ku matenda. Mu 2003 Mayi Grutter ndi Bambo Bshary anasonyeza kuti kansomba kotsuka kakapatsidwa mwayi wosankha, kamakonda zoterera zimenezi kuposa tizilombo. Ndiye kuti nthawi iliyonse kakamagwira ntchito kamakhala pachiyeso: kadye tizilombo, zomwe zimathandiza mlendo wake, kapena kalume khungu, zomwe zimakomera iko kokha. Nthawi zina kamaluma, ndipo nsomba yolumidwayo imadzidzimuka thupi lonse, moti munthu woonerera amatha kuwerenga kuti kabera kangati.

Nanga n'chiyani chimasunga ubalewu kuti usathe? Akatswiri apeza zinthu zingapo.

Choyamba, nsomba zokhala pathanthwe lomwelo, zimene zilibe kwina kopita, zimakapirikitsa kansombako kakaluma. Ulendo wotsatira kamakhala kosamala.

Chachiwiri, nsomba zoyenda mtunda wautali zili ndi malo ambiri otsukira oti zisankhepo. Zikalumidwa kapena zikadikiritsidwa, zimangochoka n'kupita kwina. Kansombaka kamazidziwa, ndipo zikafika kamayamba kutsuka izo, eni mudzi n'kumadikira.

Chachitatu, nsomba zodikira zimaonerera. Zikaona mnzawo akudzidzimuka, zimazengereza kuyandikira. Mu 2006 akatswiri awiri aja anasonyeza kuti kansombaka kamachepetsa kuluma pakakhala nsomba ina yoonerera. Kamasamala mbiri yake.

Chachinayi, nthawi zina kamuna ndi kakazi timatsukira limodzi nsomba imodzi. Kakazi kakaluma mlendo n'kumuthawitsa, kamuna kamakapirikitsa, ndipo pambuyo pake kakaziko kamachepetsa kuluma. Zimenezi zinafalitsidwa mu 2010.

Nsomba zolusa zokha ndi zimene kansombaka sikayerekeza kuziluma kawirikawiri. M'malo mwake kamazisisita pamsana ndi zipsepse zake. Kamachitanso chimodzimodzi popepesa mlendo amene kamulakwira.

Pathanthwe pomwepo palinso wonyenga weniweni. Kansomba kena, kotchedwa Aspidontus taeniatus, kali ndi mzere wakuda ndi mtundu wofanana ndi wa kotsuka, ndipo kamatsanzira kasambiridwe kake. Nsomba ikayandikira, iko kamabudula kachidutswa ka chipsepse n'kuthawa. Chinyengo chake chimatheka chifukwa chakuti otsuka enieni anapanga kale mbiri yabwino. Kukanakhala kuti onse ndi onyenga, palibe nsomba ikanaima.

Nkhani yonga imeneyi iliponso kwathu. M'nyanja ya Malawi muli mbuna yachikasu yamizere yakuda, yotchedwa Pseudotropheus crabro, imene imatola nsabwe za nsomba pathupi pa kampango. Koma kampango akaikira mazira, mbuna yomweyo imasintha mtundu n'kuda, n'kukaba mazirawo. Nsomba ziwirizi si zapachibale chapafupi, ina ndi ya m'madzi amchere ina ya m'madzi opanda mchere, koma ntchito yawo ndi chiyeso chawo n'zofanana.

Lembani "zoona" kapena "zonama":
a. Kansomba kotsuka kamakonda tizilombo kuposa chakudya china chilichonse. ______
b. Nsomba zochokera kutali zimatsukidwa msanga kuposa zokhala pomwepo. ______
c. Kansombaka kamachita chimodzimodzi kaya pali woonerera kaya palibe. ______

Kambiranani: Kansombaka kamachita bwino poopa kupirikitsidwa, kuthawidwa kapena kuonedwa. Kodi kukhulupirika kwa munthu kuyenera kusiyana bwanji ndi kumeneku? Ganizirani za wogulitsa pamsika amene ali ndi makasitomala a tsiku ndi tsiku komanso alendo ongodutsa.

GAWO 5: BANJA LAKE NDI NZERU ZAKE

Tinsomba totsuka timakhala m'timagulu. Kamuna kamodzi, komwe kamakhala kakakulu pa tonse, kamayang'anira takazi tingapo, ndipo takazito timalemekezana motsatira msinkhu. Mu 1972 Bambo Ross Robertson, atafufuza pachilumba cha Heron Island ku Australia, anafotokoza chinthu chodabwitsa. Kamuna kakafa kapena kakachotsedwa, kakazi kakakulu pa tonse kamayamba kuchita zachimuna pakangopita maola ochepa. Pakatha masabata awiri kapena atatu, thupi lake limakhala litasintha, kasanduka kamuna kobereketsa. Motero gulu silikhala nthawi yaitali lopanda mtsogoleri.

Poswana, kamuna ndi kakazi timakwera limodzi m'mwamba pang'ono n'kutulutsa mazira ndi mbewu m'madzi. Mazirawo amatengedwa ndi madzi, ndipo tiana timayandama panyanja kwa masabata angapo tisanapeze thanthwe lokhalapo. Tambiri timadyedwa m'njira. Totsalato timafunika kupeza korali wamoyo wokhala ndi mapanga obisalamo ndiponso nsomba zoti tizitsuke.

Mu 2019 Bambo Masanori Kohda a ku Osaka City University ku Japan, pamodzi ndi anzawo, anaika galasi m'thanki ya tinsombati. Poyamba tinkalimbana ndi chithunzi chathu cha m'galasimo ngati mdani, koma patapita masiku tinasiya. Kenako akatswiriwo anaika kadontho kofiirira pakhosi pa kansomba, pamalo oti sikangadzione popanda galasi. Katayang'ana pagalasi, kanapita kukakhula khosi lake pansi ngati kakuchotsa kachilombo. Mayeso amenewa anayamba kuchitidwa pa anyani akuluakulu otchedwa chimpanzi, ndipo nyama zimene zinawapambana n'zowerengeka. Akatswiri akadali kukambirana tanthauzo lake, koma onse akuvomereza kuti kansomba kozindikira alendo ambirimbiri ndi kukumbukira amene kanawalakwira si kopusa.

Mafunso:
1. Kusintha kwa kakazi kukhala kamuna kumathandiza bwanji gulu?
2. Mwana wa kansombaka amafunika kupeza zinthu ziti kuti akhale ndi moyo?

GAWO 6: MUDZI UKAPASUKA

Tinaona mu Gawo 1 kuti korali amadalira ndere za m'thupi mwake. Madzi akatentha kuposa mmene amatenthera m'chilimwe, ngakhale ndi digiri imodzi yokha, n'kukhala choncho kwa masabata angapo, korali amatulutsa ndere zija. Amayera mbee ngati mafupa. Pamenepo amakhala asanafe, koma ali ndi njala. Madzi akazizira msanga amachira. Akapanda kutero amafa, ndipo pakapita nthawi nthambi zake zimagumuka, mapanga a nsomba n'kutha.

Mu 1998 kutentha kotere kunapha korali wambiri padziko lonse, makamaka m'nyanja ya Indian Ocean, kuphatikizapo kugombe la kum'mawa kwa Africa. Ku Great Barrier Reef korali anayeranso mu 2016, 2017, 2020, 2022 ndi 2024. Lipoti la akatswiri a m'mayiko ambiri la mu 2021 linati pakati pa 2009 ndi 2018 dziko linataya pafupifupi 14 pa 100 iliyonse ya korali wake. Gwero lalikulu ndi kutentha kwa dziko kobwera ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, komanso kutha kwa nkhalango. Palinso zowononga zina zapafupi: kupha nsomba ndi mabomba, makoka okwekwereza pansi, ndi matope amene mitsinje imakokolola kumtunda kumene mitengo inatha. Matopewo amadetsa madzi n'kutchinga dzuwa. Tinsomba totsuka timagwidwanso n'kugulitsidwa kwa anthu oweta nsomba m'magalasi.

Ku Lizard Island komwe kuja, namondwe wotchedwa Ita anawomba mu 2014, wina wotchedwa Nathan mu 2015, ndipo mu 2016 korali anayera. Mayi Zegni Triki ndi anzawo atabwerera kukawerenga, anapeza kuti tinsomba totsuka tachepa ndi pafupifupi 80 pa 100 iliyonse. Anapezanso china chimene tiyenera kuchiganizira mofatsa. Tinsomba totsalato sitinkasamalanso za woonerera monga kale, ndipo sitinkaikanso patsogolo alendo ochokera kutali. Akatswiriwo anafotokoza kuti otsuka atachepa, nsomba zinalibenso kwina kopita, choncho kansomba kanalibe chifukwa chosamalira mbiri yake. Kuwonongeka kwa malo kunachepetsa nsomba, kunasinthanso ndi khalidwe la zotsalazo.

Pali zimene anthu akuchita. Mozambique inakhazikitsa malo otetezedwa ku Bazaruto mu 1971 ndi ku Quirimbas mu 2002. Kumene kupha nsomba kwachepetsedwa, nsomba zodya ndere zimachuluka, zimapalira thanthwe, ndipo korali watsopano amapeza pomera. Koma thanthwe loyera limafuna zaka 10 kapena kuposerapo kuti libwerere, ndipo kutentha kukamabwera zaka ziwiri zilizonse nthawi imeneyo siipezeka. Mabanja ambiri a asodzi a m'mphepete mwa nyanja ya mchere amapeza ndiwo ndi ndalama pamatanthwe amenewa, ndipo matanthwewa ndi amenenso amaswa mafunde asanafike pamidzi yawo.

Tingamaone ngati zili kutali ndi ife. Koma madzi a m'nyanja ya Malawi amatuluka mu Shire, Shire amathira mu Zambezi, ndipo Zambezi amathira m'nyanja ya Indian Ocean. Dothi lokokoloka m'mapiri athu limayamba lakwirira miyala imene mbuna zimadyapo ndere ndi malo amene chambo chimaswana, lotsala n'kupitirira kumunsi.

Mafunso omaliza:
1. Fotokozani m'mawu anuanu mmene kutentha kwa madzi kumafikira pochepetsa tinsomba totsuka. Tchulani sitepe iliyonse.
2. N'chifukwa chiyani khalidwe la tinsomba totsala linasintha anzawo atachepa? Munaonapo zotere pamene wogulitsa kapena wogwira ntchito inayake watsala yekha m'dera?
3. Ndi mtsinje uti kapena dambo liti la m'dera lathu limene lasintha m'zaka 10 zapitazi? Chinasintha n'chiyani, ndipo chinayambitsa n'chiyani?

Tisanakumanenso, aliyense acheze ndi munthu wachikulire mmodzi wa m'dera lathu, makamaka msodzi kapena mlimi wa kudimba. Mumufunse nsomba, mbalame kapena mitengo imene ankaiona ali mwana koma lero siionekanso, ndiponso chimene chinasintha itasowa. Mulembe mayankho ake m'kope, ndipo sabata yamawa tidzayambira pamenepo.